Tsiku limene ndinatsekera agogo a ku China pakhomo

Mpaka lero ndikaona pepala lonyezimira lija lokutira nkhuku mu uvuni, manyazi amandigwira. Ndineneretu kuti cholinga changa chinali chabwino.

Timakhala kunja kuno ku Bentley, m'nyumba yogawana ndi Meili, mtsikana wa ku China amene akuphunzira pa yunivesite limodzi ndi bambo a Tadala. Ine ndinali nditapeza ntchito yolongedza katundu ku Kewdale, koma wondisungira mwana wathu Tadala panalibe. Ndiye Meili anati mayi ake akubwera kuchokera kumudzi kudzakhala miyezi itatu, ndipo amakonda ana. "Koma ayambe akukondani inuyo," anatero. Akandikana, ntchito yapita.

Kwathu ku Mchinji munthu wamkulu sitimulandira mwachisawawa. Ndinafunsa dzina la mudzi wawo n'kulifufuza pa foni. Ndinaona amayi atavala zisoti zasiliva zazikulu ngati lichero, atatseka njira ndi tebulo, akuimba, ndipo mlendo aliyense ankamumwetsa mowa wa mpunga wa m'nyanga ya ng'ombe asanalowe. Mavidiyo onse anali otero. Ndinati basi, ulemu wa kwawo ndi umenewu. (Zoti alendo onsewo anali ndi makamera m'khosi ndinaziona, koma sindinaziganizire.)

Ine sinditopa msanga. Masiku anayi ndinaloweza nyimboyo ndikutsuka mbale, osamva liwu n'limodzi lomwe. Chisoti ndinapanga ndi katoni ya matewera, n'kuikuta ndi pepala lonyezimira, n'kulendeweza timasupuni ta tiyi. Nyanga ndinaisowa, ndiye ndinatenga botolo la mkaka la Tadala. Mowa sindifulula, choncho ndinathiramo madzi owiritsira mpunga ndi shuga.

Bambo a Tadala anandipeza ndikuyesa chisoticho pagalasi.

"Mayi a Tadala, mwamufunsa mwini mlendoyo?"

"Ndikamufunsa andiletsa chifukwa cha ulemu."

"Chabwino. Ine Loweruka ndikhala ku laibulale tsiku lonse."

Loweruka masana galimoto inafika kuchokera ku bwalo la ndege. Ndinapingasa tebulo lositira pakhomo, Tadala ali kumbuyo, n'kuyamba kuimba, timasupuni tili ngwerengwere. Munatsika mayi wamfupi atavala jinzi, nsapato zothamangira ndi magalasi a dzuwa, foni ziwiri m'manja. Anaima. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kenako anayang'ana wotchi yawo n'kulankhula motopa m'chiyankhulo chakwawo.

Meili anali atagwira pakamwa. "Akuti nthawi yake sinakwane. Kwathu zimenezi zimachitika teni koloko ndi fili koloko."

Abale, inali ntchito yawo. Meili anandifotokozera pomwepo kuti kale kwawoko ankachita zimenezi paukwati pokha, koma msewu utafika, mabasi a anthu odzaona malo n'kuyamba kubwera, anthu anasiya minda n'kumatseka chipata tsiku ndi tsiku. Chisoti cha mayi ake chimagona mu kabati ya ku ofesi ya alendo, ndipo chinawapweteka khosi. Anawoloka nyanja kudzapuma, n'kudzachipeza chikuwadikirira ku Bentley.

"Nanga mlendo weniweni mumamulandira bwanji?" ndinafunsa ndi mawu otsika.

"Timamupatsa tiyi ndi nambala yolowera pa intaneti."

Ndinayamba kuvula chisoti, koma agogowo anandigwira mkono. Munthu wodziwa ntchito sapirira kuona wina akuiwononga. Anandiwongola msana, anandikweza zigongono, anandionetsa kuti botolo ligwiridwe ndi manja awiri ndipo mlendo asalikhudze. Anandibwerezetsa nyimbo katatu anthu oyandikana nafe akusuzumira. Atalawa madzi anga a mpunga, anakalavulira m'maluwa. Ndinadziwa kuti Kewdale ndayiphonya.

Kenako anaona Tadala ali m'chitenje kumbuyo kwanga. Foni zonse ziwiri zinadzuka.

"Akuti anaona pa vidiyo kuti kwanu mumasenza madzi pamutu," anatero Meili. "Akufuna ajambule."

Ine kusenza ndowa ndinasiya ndili sitandade sikisi, mpopi utafika pakhomo pathu. (Sukulu ndinasiyanso chaka chomwecho, koma imeneyo ndi nkhani ina.) Komabe ndikanakana bwanji? Ndinadzaza ndowa yokolopera. Agogo ananditsitsa mwana n'kumunyamula okha, anandiuza ndivule nsapato, ndiponso ndisunthe chifukwa galimoto ikuwononga chithunzi. Ndinayenda mapazi anayi. Pa phazi lachisanu ndowa inapendekeka, madzi onse thii kumsana mpaka m'chitenje.

Agogo anaseka mpaka kukhala pansi pa udzu, Tadala ali pamiyendo pawo akuwalanda magalasi. Tsiku limenelo sanamubwezenso mpaka nthawi yoyamwa. Lolemba ndinayamba ntchito.

Vuto ndi lakuti vidiyo ija anaitumiza kumudzi kwawo. Tsopano Lamlungu lililonse anzawo a pachipata amaimba foni kufuna kuona mmene anthu a ku Africa amakhalira, ndipo ine ndimavula nsapato, ndimamanga chitenje, n'kuzungulira kapinga wa eni nyumba. Ndimayenda bwino masiku ano, osagwirira n'komwe, chifukwa ndowayo imakhala yopanda kanthu. Nzeru imeneyi anandipatsa ndi agogo omwewo. Akuti nawonso, basi yachitatu ikamafika, m'nyanga muja mumakhala madzi.