Zikomo Bwana wa Plentyfield Potigulira Senata

South Bend, Indiana

Kwa Bwana Wamkulu,
Masitolo a Plentyfield,
Nsanjika ya Pamwamba Penipeni,
Indianapolis.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada. Mawondo anga anatha kale ndi ntchito yonyamula okalamba, koma poti ndi inu, ndagwada ndithu. Ine ndine Magdalene Kapalamula, mayi a Tiffany, wa ku Ntcheu koma wokhala kuno ku South Bend, kumene ndimasamalira okalamba pa nyumba ina imene sindiitchula dzina chifukwa ndikufunabe kudya. Dzina langa si lachilendo kwa inu, poti makina anu amandilembera imelo sabata iliyonse kuti mwandisowa. Zimandikhudza kwambiri. Ngakhale abale anga a kumudzi sandisowa chotere, kupatula nyengo ya feteleza.

Kalatayi ndailemba m'Chichewa mwadala. Makalata anga a Chingerezi aja munawayankha ndi kuponi ya sopo wotsukira mbale. Ndiye ndati ndiyese chinenero choti mulipire munthu wokumasulirani, poti ndaona kuti inu mumamva bwino mawu okhawo amene mwawalipirira.

Sindinabwere ndi madandaulo, bwana. Ndine yani ine? Ndabwera ndi zothokoza.

Choyamba, zikomo pondiphunzitsa ndale. Kwathu nthawi ya kampeni wandale amabwera ndi lole, nkutigawira nsalu ya nkhope yake ndi kapaketi ka shuga. Timadziwa kuti akutigula, iyenso amadziwa kuti tikhoza kuvala nsalu yakeyo pokavotera wina. Ndinkati ndi umbuli wa kwathu, ndipo nditafika kuno ndinanyadira kuona kuti palibe wandale wogula anthu. Sindinkadziwa kuti kuno zinthu zinatukuka. Wogulidwa ndi wandaleyo, wogula ndinu, ndalama zake ndi zimene ine ndimasiya pa thilo yanu. Nsalu osalandira.

Anandiululira zimenezi ndi Tiffany, mwana wanga amene ali ku yunivesite. Ine ndimamulankhula m'Chichewa, iye amayankha m'Chingerezi, koma timamvana. Tsiku lina ndikutsitsa majumbo anu m'galimoto anati, "Mom, you know you just donated, right?" Ine ndinati, "Ndadoneta kwa ndani? Chakhumi ndinapereka kale Sande." Anandionetsa pa foni kuti kampani yanu imathira ndalama m'kagulu kotchedwa Abwenzi a Mawa Lowala, kopanda ofesi, kopanda nkhope, kongokhala ndi bokosi ku positi. Kaguluko ndi kamene kamalipira zotsatsa za senata wa dera lathu pa TV, zija amaoneka atanyamula mwana wa eni ake m'munda wa chimanga umene sanalimepo. Tiffany anandiuzanso kuti kuno kampani imawerengedwa ngati munthu, ndipo ndalama zake ndiye mawu ake. Pepani bwana, sindinkadziwa kuti Plentyfield ndi munthu. Zaka zonsezi ndakhala ndikumulowa m'mimba ndi tirole osapereka ndi moni womwe.

Chachiwiri, zikomo pondidziwitsa abale anu. Poti kampani ndi munthu, ili ndi achemwali ake, ndipo ndapeza kuti mchemwali wa Plentyfield ndiye mwini wa nyumba imene ndimagwirako ntchito. Masana ndimatumikira mchemwali, madzulo malipiro nkukatula kwa mchimwene. Banja logwirizana chotere ndi losowa masiku ano.

Pa nyumbapo wantchito mmodzi amapatsidwa khonde lonse la okalamba. Chisanu chapitachi ndikusambitsa gogo wina m'bafa, gogo winanso, a Kenan, bambo amene anagwira ntchito ya njanji moyo wawo wonse, anagwa m'chimbudzi kumapeto kwa khonde. Analiza belu. Ndinalimva, koma sindikanasiya munthu ali m'madzi. Nditafika ndinawapeza ali pansi pozizira, chiuno chitathyoka, ndipo mawu awo oyamba anali ondipepesa kuti andivutitsa. Mpaka lero sayenda. Apa ndilibe choseketsa, bwana. Ndiloleni ndidutse.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha ulendo wa ku Indianapolis. Tinamva kuti ku nyumba ya malamulo kuli bilu yoti wosamalira mmodzi asamapatsidwe okalamba opitirira muyezo, ndi ina yoti aliyense wopereka ndalama kwa andale azitchulidwa dzina poyera. Tinanyamuka. Tinagona ku Lawrence, pafupi ndi mzindawo, kwa Akuzike, namwino mnzanga wa kumudzi kumodzi, amene anandiyeserera mawu anga mpaka ndinawaloweza ngati katekisimu. M'mawa ndinavala suti yanga ya chitenje ya pa ukwati wa mng'ono wanga. Galimoto tinaimika pamalo olipira ngati tikugula puloti, nkulowa m'chinyumba cha nsanamira chija. Nthawi imene anandipatsa inali yochepa kuposa imene ndimatenga popereka moni. Ndisanamalize kufunsa akuluakulu a komiti mmene adzukira, kagetsi kofiira kanayaka. Senata wathu, amene ndi tcheyamani wa komitiyo, anali ataweramira foni nthawi yonseyo. Akuzike anandinong'oneza kuti mwina akutipempherera. Potuluka tinamuona atadzuka bwinobwino, mano onse pamtunda, atagwirira chitseko bambo wina wa suti ya buluu wovala kabaji ka Plentyfield pachifuwa. Mabilu onse awiri anafera mu komiti sabata yomweyo. Wolengeza maliro panalibe.

Chachinayi, zikomo polimbitsa banja langa. Titabwerako, pa chiyanjano cha Amalawi tikaweruka ku tchalitchi, Tiffany anaimirira nkupempha kuti tinyanyale kugula kwa inu, monga akuchitira ena m'mizinda ina, mpaka mutasiya kugula andale. A Sosten, mkulu wa mpingo wathu, anapukusa mutu. "Ana inu, kuno tinabwera kudzafuna," anatero. "Mlendo ndi mame. Ndale za eni ake tizisiye." Ine ndinati, "Abambo, mame ake ati odulidwa msonkho pa cheke chilichonse?" Amayi anaimba nthungululu, ndipo tsiku lomwelo tinakuboyikotani. Ambiri mwa ife sitivota, mapepala a unzika akadali m'njira, ndiye voti yathu ndi tirole basi.

Sindikunamizani, zatipweteka. Sitolo ina ili kutali, mpiru wake ndi wofota, ndipo nyama ya mbuzi amaigulitsa ngati mbuziyo inaphunzira ku koleji. Koma wovutika koposa ndi amuna anga, a Kingsley, amene ubwenzi wawo ndi nkhuku yanu yowotcha ija ndi wakale kuposa geleni khadi yawo, chiphaso chokhalira kuno. Analumbira pamaso pa chiyanjano chonse kuti sadzapondakonso. Patapita masabata angapo, ndili pa shifiti, foni yanga inalira ndi uthenga wa makina anu: "Takulandiraninso, Magdalene!" Madzulo ndinafunsa, "Bambo a Tiffany, mwadya chiyani masana?"

"Ndikusala, mayi," anayankha, milomo ili phuliphuli.

"Nanga nambala ya foni yanga yafika bwanji pa thilo ya Plentyfield?"

Anayang'ana kudenga, kenako anati, "Ndiye mumafuna ndigule pa mtengo wonse? Kuchotsera kuja ndimafuna kuwapweteka."

Mafupa tinawapeza pansi pa mpando wa galimoto. Ndikuthokoza makina anu, bwana, amene amaulula mwamuna wogula nkhuku tsiku lomwelo, koma ukawafunsa amene wagula senata amati zimenezo ndi zachinsinsi.

Chachisanu, zikomo chifukwa cha madzi. Tinagwirizana ndi mipingo ina ndi ana a sukulu kuti tikaime ndi zikwangwani pa sitolo yanu ya ku Speedway, pafupi ndi bwalo lothamangitsirapo galimoto la ku Indianapolis. Amene anasankha tsiku sanaone kalendala, poti inali sabata ya mpikisano wa galimoto. Tinakuwa mpaka kusasa mawu, injini zikutimeza, ndipo odutsa ena ankationetsa chala chachikulu poganiza kuti tikugulitsa malo oimika galimoto. A Sosten anabwera ndithu, atanyamula chikwangwani pankhope kuopa kuti chithunzi chawo chingafike pa gulu la WhatsApp la kumudzi. Dzuwa litakula, manijala wanu, mtsikana waulemu, anatibweretsera mabotolo a madzi, nkundinong'oneza kuti mayi akenso ali ku nyumba ya okalamba. Pakati pathu panabuka mkangano ngati nkololedwa kumwa madzi a amene tikuwanyanyala. A Sosten anaweruza ali kuseri kwa chikwangwani. "Chaulere si kugula. Komanso botolo lililonse ndi losi kwa iwo. Aliyense amwe awiri." Mtsikana uja musamuchotse ntchito, chonde. Pa kampani yonse imene akuti ndi munthu, munthu amene ndakumana naye ndi yekhayo.

Chomaliza, zikomo chifukwa cha kulapa kwanu. Malo oimika galimoto atayamba kuoneka mbee, munalengeza kuti mwaimitsa kaye zopereka kwa andale kuti mulingalire mofatsa. Tinavina pa chiyanjano. A Kingsley anali atavala kale jekete, makiyi ali m'manja. Koma Tiffany anati tidikire, ndipo nyengo isanasinthe Abwenzi a Mawa Lowala anatha, m'malo mwake nkubadwa Anansi a Tsogolo Labwino, pa bokosi la positi lomwe lija. Kwathunso tili nawo amuna amene amati asiya mowa atangosintha bala, ndipo timawapatsa ulemu womwewu.

Tsono ndafika pa pempho, ngati munthu wosambitsa anthu angaloledwe kupempha. Lalikulu mukulidziwa. Lekani kuthira ndalama zathu m'matumba a andale, ndipo muuzeni senata wanu, pepani, wathu, kuti alole lamulo loti opereka azitchulidwa maina ndiponso kuti zoperekazo zikhale ndi malire. Mukatero tibwerera tonse, matirole ali m'manja, a Sosten ali kutsogolo nkhope ili poyera.

Koma ngati zimenezi zakukulirani, ndili ndi kapempho kakang'ono. Inu pa malonda ndinu anthu achilungamo. Chilichonse m'sitolo mwanu chili ndi mtengo wolembedwa, ngakhale anyezi. Muikeni senatayo pa shelefu, mtengo pamphumi, tsiku lothera ntchito kumsana, kuti ifenso osauka tizitha kugula tokha popanda kudzera kwa inu. Amayi a chiyanjano tili ndi chipereganyu, ndipo mwezi wa mawa ndi wanga. Sitikufuna watsopano ayi. Ngakhale wogwiritsidwa kale ntchito, wa pa selo, bola akhale ndi makutu. Mutiuzenso ngati mumalola kubweza katundu akapezeka wowola, poti amene tili nayeyu tayesa kumubweza, koma lisiti yake ili ndi inu.

Ine kasitomala wanu wakale, wodutsa pa geti lanu ndi ulemu wonse,

Magdalene Kapalamula (Mayi)