Chala Changa ndi Mvuu za ku Maganga

Amene akuti ndine wabodza anyamuke, akabaza ali apo. Koma iwe Yusufu khala pansi. Wabwera kudzapempha mfuti yanga kuti ukaphe mvuu imene ikukuthera mpunga, ndiye uyambe wamva za mwini wake.

Mzungu wina wa ku Jeremani, yemwe ndinkamuperekeza kukaona mbalame ku Senga Bay, anandiuza kuti Angerezi ali ndi mawu onenera munthu wopupuluma kuwombera. Akuti anachita kubwereka kwa anthu a dziko loyandikana ndi kwawoko, ndipo tsinde lake n'kukoka, kukoka kachitsulo ka mfuti kaja. Ndinati, "Bwana, kwanu kunangochokera mawu. Munthu wake ndi amene mukumuonayu."

Wallahi, chala changa chinkawomba ine ndisanaganize. Chaka china mvuu zisanu ndi ziwiri zinalowa m'munda ku Maganga dzuwa likuswa mtengo, zipolopolo zitandithera, ndiye ndinathira nthanga imodzi ya bwemba mu mfuti yanga ya gogodera, n'kukoka uku ndikuyasamula, nthanga ija n'kuboola yoyamba, kutulukira yachiwiri, kukhota pa mgwalangwa, kudikira yachitatu imalize kutafuna, mpaka zisanu ndi imodzi zili gone, yotsalayo n'kuthawa nayo pamsana, moti lero ikuyenda ndi mtengo wa bwemba ndipo asodzi amathyolako akamapita kokoka khoka. Mukumva? Sekani, koma bwembayo munadyapo.

Anthu ankanditama, ine n'kumamva kukoma. Bango likangoti gwede, ine phuu! Kuyang'ana ndinkayang'ana pambuyo.

M'mawa wina, nditangochoka koswali ku mzikiti, bango linagwedezeka m'mbali mwa munda. Ndinakoka. Mvuu siilira kuti "Mayo ine!" Anali achimwene anga, bambo ako, akudula bango loti aluke mphasa.

Ndinawabereka mpaka kumsewu. Ali kumsanako anati, "Ukanena zoona akakutsekera. Ana athu adya chiyani?" Zimandiwawa mpaka lero, ndipo kuyambira tsiku limenelo chala ichi sichinakokenso.

Mfuti sindikupatsa, mwana wanga. Dzulo ndakuona ukugenda galu usanaone n'komwe kuti ndi wa yani. Kakumbe ngalande, ukamange zitini pa chingwe, ine ndidzakuthandiza kulondera.

Unakula ukumva kuti mwendo wa bambo ako inadya ndi ng'ona. Tinapangana awiri pamsewu pomwepo. Mwa zonse zimene ndakamba moyo wanga uno, bodza ndi limenelo, ndipo ndi lokhalo limene anthu anakhulupirira.