Ndinkayesa Ndapha Hatchi ya Hazel

Mpaka lero Amalawi ena kuno ku Sheffield akandiona amayamba aseka kaye asanandipatse moni. Sindiwaimba mlandu.

Ndine nesi, ndipo ku wodi kwathu ndili ndi mnzanga wachizungu dzina lake Hazel. Iyeyu moyo wake wonse uli pa hatchi yake yotchedwa Bisiketi (musandifunse, nanenso ndinangovomera). Hatchiyo inavulala msana podumpha mpanda, ndiye Loweruka lina Hazel anandikakamiza kuti ndikazonde wodwalayo. Ndinakwera basi mpaka kumapiri kunja kwa tauni.

Kwathu ku Dowa ndinakulira pakati pa abulu, choncho ndinkaganiza kuti hatchi ndi bulu wodya bwino. Ndinadzinamiza. Chinyamacho msana wake unali kumutu kwanga kuno.

M'khola muja Hazel anaifunditsa chibulangeti cholemera, chokhala ndi batire m'kathumba ndi mabatani pambali. Anati m'kati mwake muli mawaya otulutsa mphamvu ya maginito yomwe amati imafewetsa minofu ndi kuchepetsa ululu. Dokotala wa ziweto anali atamulola kuti ayesere, pamodzi ndi mankhwala.

"Ndikukatenga udzu kumtunda uko," anatero Hazel. "Kanyali aka kakasanduka kobiriwira, udine batani ili. Basi."

Mabataniwo anali awiri, oyandikana, ofanana ngati mapasa. Kanyali katasintha ndinadina limodzi, ndipo chala chisanachoke n'komwe ndinayamba kukayika ngati linali lomwe lija.

Hatchi inayasamula. Kenako mlomo wam'munsi unalendewera, dovu chuu! Maso anatsinzina, mwendo umodzi wakumbuyo n'kupindika. Zaka zonsezi m'chipatala, zizindikiro zoterezi ndimazidziwa: sitiroko imeneyi. Ndisanaganize chochita, inagwada, n'kubuula ngati munthu, khu! pansi.

Ndinafuna kuigwira pamkono kuti ndimve kugunda kwa mtima, koma hatchi mkono wake uli pati? Ndinagwira khosi, ndinangomva mtima wanga womwe. Nditaimbira Hazel, foni yake inalira m'jekete lomwe analikoleka pachitseko pomwepo. Ndiye ndinaimbira amuna anga.

"Bambo a Tadala, ndapha hatchi ya mzungu."

"Mwapha chiyani?"

"Hatchi! Ndi magetsi!"

"Alipo wakuonani?"

"Bambo a Tadala!"

"Ayi, ndimangofunsa. Musathawe. Anthu akuno hatchi amaikonda kuposa apongozi awo, ndiye muyankhule nawo mwaulemu. Ine ndikuyamba mapemphero."

M'mutu mwanga munadutsa apolisi, ntchito yanga, ndege yobwerera ku Lilongwe. Ndinadziona ndikufotokozera amayi kuti ku Mangalande andithamangitsako chifukwa cha bulu wamkulu. Koma chimene chinandilasa kwambiri chinali Hazel. Ndikamuyang'ana bwanji kumaso?

Ndinaganiza zochotsa bulangetilo, mwina mphamvu ikaleka kulowa moyo ubwerera. Ndinagwada, kumasula lamba wapachifuwa, n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse. Malemuwo anatsegula diso limodzi. Anandiyang'ana monga amachitira wodwala ukamudzutsa kuti amwe mankhwala ogonetsa. Kenako hatchi inatulutsa mpweya wautali wakumbuyo, dzambatu! Ine chagada pa ndowe zofunda, bulangeti lili kumutu.

Hazel anandipeza chomwecho. Ndinamufotokozera zonse. Udzu unamupulumuka m'manja.

"Anagona pansi? Unamuona ndi maso ako?"

"Pepa Hazel, batani lija ine..."

Anandikumbatira ndi ndowe zomwe, misozi ili mbwembwembwe. Anati chivulalireni Bisiketi anali asanagonepo pansi, ankangosinza chiimirire poopa ululu podzuka. Ndipo batani ndinadina lija linali lolondola. Linalo likanangozimitsa bulangeti, palibenso china.

Kaya anathandiza ndi maginito, kaya mankhwala, kaya msanawo unangopola wokha, ine sindikudziwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti ndinakhala pansi n'kuseka mpaka kutsokomola. Bisiketi anabwera kudzandinunkhiza kumutu, ine n'kumusisita ngati m'bale wanga wobwera kuchokera kuchipatala. M'basi pobwerera palibe anakhala nane pafupi, koma ndinkangomwetulira ndekha.

Ndinaiwala chinthu chimodzi: kuimbanso kunyumba. Pomwe ndinkafika, bambo a Tadala anali atalemba kale pa gulu lathu la pafoni la Amalawi kuti onse andikumbukire m'mapemphero, ndapha hatchi. Tinayesa kukonza uthengawo, koma nkhani yabwino siyenda msanga. Mawa lake kutchalitchi mayi ena achikulire anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Pepani ndi zovutazi, mayi a Tadala. Nanga mwambo wa maliro uliko liti?"

Ndiye abale anga, mukaona ngati mwapha chinthu, yambani mwachigwedeza kaye musanaimbire amuna anu.