A Theka, wometa wosamaliza mutu

Aliyense pamsika pathu ankadziwa kuti malemu a Theka akakugwira mutu, ameta mbali imodzi yokha kenako n'kuzimitsa makina. Ukayang'ana pagalasi, uku dazi, uku tchire. Iwo manja apinda: "Tchula chabwino chimodzi cha chipani chimene umadana nacho. Apo ayi, khomo ndi ilo."

Aphunzitsi ena, aja oti boma litenge mafakitale onse ligawire amphawi, anakhala pampando thukuta lili kamukamu. Pomaliza ananong'ona kuti, "Chabwino, amalonda oima paokha sakuimika pamzere tsiku lonse." Mwini sitolo ya zitsulo, woti boma lichotse dzanja pa malonda, anakana kwamtuwagalu, n'kuyenda masiku atatu atavala chipewa cha akazi ake. Tsiku lachinayi uyu wabwera: "Chipatala chaulere chinapulumutsa mwana wanga. Malizani msanga, anthu akundiseka!"

Kumenyedwa ndiye musanene. Anyamata a chipani cha Ambulera anawagulula dzino ati ndi kazitape wa a Makwerero. A Makwerero anawathyola nthiti ziwiri ati ndi kazitape wa a Ambulera. Iwo akulavula magazi ankati, "Mwaona? Agwirizanako pa chinthu chimodzi."

Ine ndinali mkulu wa anyamata a Ambulera, ndipo sindikunyadira ayi. Sabata ya chisankho tinapangana zokawotcha ofesi ya a Makwerero anthu ali momwemo. Mlembi wa ofesiyo anali mng'ono wanga, bere limodzi, koma zaka ziwiri osapatsana moni. M'mawa wa tsikulo ndinapita kwa a Theka kukameta mpala kuti ndizioneka woopsa, chikwanje chili m'jekete.

Tili pakati, makina zii.

"Tchula," anatero a Theka.

"Madala, lero si tsiku lake. Ndikudulani dzanja."

"Dula. Za ofesi ija ndamva kale. Koma ukawotcha anthu uli ngati nkhuku yososola mbali imodzi. Akafa akukuseka."

Ndinasolola chikwanje n'kutema galasi, phwaa! Chidutswa chinawacheka patsaya, magazi chuu pamalaya. Osasuntha munthu wamkulu.

"Chabwino chimodzi basi. Kaya munthu wabwino mmodzi."

Mawu anangotuluka okha. "Mng'ono wanga. Amayi atadwala, ankawabereka kupita nawo kuchipatala ndi iyeyo. Ine ndili kumisonkhano, kuimba."

"Ehee," anatero, n'kuyatsa makina.

Anamaliza mosafulumira, magazi awo akudonthera pakhutu langa. Nditatuluka ndinathamangira ku ofesi kuja, n'kutulutsira mng'ono wanga ndi anzake kukhomo lakuseri. Ofesi inapsa ndithu, koma yopanda munthu.

Anyamata anga aja sanavutike kudziwa amene anandifewetsa mtima. Tsiku lomwelo anawakokera a Theka pamsewu, n'kuwaphwanya mutu ndi njerwa anthu akuonerera. Anamwalira patatha masiku awiri. Mpaka lero zimandiwawa, anzanga, chifukwa njerwa zimenezo woyenera kulandira ndinali ine.

Pano pamsika pali ometa awiri, wina wa Ambulera, wina wa Makwerero. Amameta mwachangu osafunsa kanthu, ndipo munthu amatuluka wotchena, mkwiyo wake uli womwewo. Ine sindipondako. Amandimeta mng'ono wanga pakhonde, ndi makina a malemu aja, ndipo akafika pakati amazimitsa.