Tsiku Limene Ndinameza Nambala ya Misozi

Anzanga a ku Ndake mpaka pano akandiona amafunsa ngati ndakhuta. Ndimangoseka, koma nkhani yake sinali yoseketsa pamene inkachitika.

Ndinali mu giredi 8, ndikukhala ndi ambuya, agogo anga, amene anandilera makolo anga atamwalira. Ambuya anali atandiuza kale mosabisa: "Tsiku limene adzandiitane kusukulu chifukwa cha iwe, mawa lake upita ku Luembe kukalima thonje kwa amalume ako. Maondo angawa si oyendela milandu." Amalumewo ana awo onse anawasiyitsa sukulu. Choncho ine ndinkakhala kumbuyo, osayankha, osafunsa, kumangoyang'ana.

Lachitatu lina kunabwera amayi ena a ku ofesi ya maphunziro ku Nyimba kudzaona mmene aphunzitsi athu a masamu, a Tembo, amaphunzitsira. A Tembo anajambula panja ndi phulusa bwalo lalikulu, mkati mwake bwalo laling'ono. Laling'onolo linali la manambala athunthu, monga 7, 0 kapena -5. Lalikulu linali la manambala onse amene angalembedwe ngati fulakishoni. Aliyense anamuikira kapepala kopinda pa desiki, kuti akaime pamene nambala yake ikuyenera.

"Amene andichititse manyazi lelo," anatero motsitsa mawu, "abwela ndi kholo."

Nditatsegula kanga ndinapeza -12/4. Mainasi pomwepo, mzere wa fulakishoni pomwepo. Mutu unaima. (Yankho ndi -3, ndikudziwa tsopano. Musandiuze.)

Apo n'kuti Misozi, mtsikana amene ankakhoza masamu kuposa tonse, atatumidwa kukanyamulira mlendo mpando. Kapepala kake kanali pa desiki, kosatsegula. Ndinaganiza kuti aphunzitsi sangapatse mwana wawo wokondedwa chinthu chomugwetsa pamaso pa mlendo. Ndinasinthanitsa.

Panja ndinakatsegula. Munalembedwa √2.

Chizindikirocho ndinali nditachionapo pa bolodi, koma kwawo sindinkakudziwa. Ndinachita chimene ndimadziwa: ndinayang'ana kumene kunali anthu ambiri, n'kukaima pakati pawo m'bwalo lalikulu, kumbuyo kwa mnyamata wamtali kwambiri.

A Tembo anaomba m'manja akumwetulira. "Amai, pa mapepalawa pali nambala imodzi imene siingalembedwe ngati fulakishoni. Malo ake ndi kunja kwa mabwalo onse awili. Misozi, fotokozela alendo."

Misozi anali m'bwalo laling'ono.

"Iwe Misozi, ucita ciani m'menemo?"

"Yanga ni mainasi thili, aphunzitsi," anayankha, n'kuonetsa kapepala kanga.

Kumwetulira kwa a Tembo kunatha ngati madzi pa mchenga. "Aliyense akweze pepala lake m'mwamba."

Anayamba kuyendera mmodzimmodzi. Ndinkaona munda wa amalume, mizere ya thonje yosaoneka kothera. Thumba la kabudula wanga linali lobooka. Kuponya pansi sikukanatheka, aliyense akanaona. Atatsala ana atatu kuti andifike, ndinaika kapepalako m'kamwa.

"Lako lili kuti?"

Ndinapukusa mutu.

"Kodi ulibe pakamwa?"

Pakamwa ndinali napo, koma panali podzaza. Ndinayesa kumeza. Pepala louma siliyenda pakhosi pouma, abale. Linaima pakati, ndinayamba kutsokomola, misozi ili chuchuchu. Mlendo uja anadzuka pampando n'kundimenya kumsana kawiri. Kachitatu linatsika, koma kachidutswa kena kanatulukira pa nsapato ya a Tembo, inki ya buluu ikuonekabe.

Kalasi yonse inagwa ndi phwete. Mlendoyo anayesa kudzigwira, analephera. "Bambo Tembo," anatero akupukuta m'maso, "nambala yanu ija yapeza malo."

A Tembo sanaseke.

M'mawa mwake ndinayenda kumbuyo kwa ambuya, iwo akutsimphina ndi ndodo. Ine ndinkatsanzika mitengo ya m'njira chamumtima. A Tembo anafotokoza zonse, za mabwalo, za kusinthanitsa. Ambuya anamva chinthu chimodzi chokha.

"Wadya pepala? Pamaso pa mlendo wa ku boma?" Anatembenukira kwa ine. "Ufuna dziko lonse lizinena kuti ndimamana mwana wamasiye cakudya? Ndikakutumiza ku Luembe tsopano adzati wathawa njala kwa ine. Supita kulikonse!"

Chilango changa chinali kudya mbatata ziwiri m'mawa uliwonse nditakhala pakhomo, poonekera, kuti odutsa azichitira umboni. A Tembo anandisamutsira kutsogolo, pafupi ndi Misozi, ndipo funso loyamba la tsiku lililonse linkakhala langa mpaka chaka chinatha.

Manambala ndinawaphunzira, mwa mantha. Koma kunena zoona, mpaka lero ndikapatsidwa fomu yoti ndilembe, maso anga amayamba apita pa ya mnzanga.