Mtsikana wa Nsapato Zosemphana Sanabwererebe, Bwana

Kwa Bwana Mkulu wa Wailesi ya Kanema,

Ndagwada, bwana. Ine ndine munthu wamba, wosoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo ndasamba m'manja ndi sopo kuti kalata ino isanunkhe guluu ikafika patebulo panu.

Nkhani yanga ndi ya filimu ija mumationetsa tchuthi chilichonse, yochokera m'buku lakalekale la ana. Ndikunena ya mtsikana amene anavala nsapato mosemphanitsa, yakumanja kumanzere, n'kungopezeka ali kudziko la mbalame zolankhula, kumene anakafunafuna mlongo wake wobedwa ndi akhwangwala. Ndinaionera ndili mwana, mwana wanga anaionera, lero mdzukulu wanga ndiye waloweza mawu ake onse. Ndiloleni ndithokoze mwadongosolo.

Choyamba, zikomo pondipatsa ntchito. Filimuyi ikangoonetsedwa, ana a mumsewu wathu onse amasemphanitsa nsapato n'kumayenda ngati abakha, kudikira kuti mbalame ziwalankhule. Zidendene zimadyeka mbali imodzi, zala zimaboola kutsogolo, amayi awo amafika pakhonde panga akulalata, ine mtima uli mbee. Palibe wamkulu wina anandiganizirapo chotere.

Chachiwiri, zikomo potiteteza ku mathero a nkhani. Mtsikana uja akangogwira chitseko cha khola lomwe atsekeramo mlongo wake, chithunzi chimazima, n'kutulukira inuyo, tayi ili pakhosi, kutifotokozera mmene wailesi yanu yatukukira. Amene munawalowa m'malo ankatero, inunso simunaphonyepo ngakhale tchuthi chimodzi. Imvi zandimera ndisanadziwe ngati chitsekocho chinatseguka, koma za makina atsopano a mu ofesi mwanu ndikhoza kulemba mayeso n'kukhoza.

Chachitatu, zikomo potinola nzeru. Musati ndine waulesi, kulaibulale ndinapita. Buku ndinalipeza, lakuda bii ndi manja a ana, koma masamba omaliza anathothoka kalekale. Mayi woyang'anira mabuku anandiuza kuti anthu ozunzika ngati ine anawawerenga mpaka kuwamaliza. Ndiye pakhonde pathu aliyense ali ndi mathero ake. Telala akuti mtsikanayo anasanduka njiwa. Wometa tsitsi akuumirira kuti chitseko chinatseguka ndithu, koma mnyamatayo anakana kubwerera atamva kuti kwawo kukuyembekezeka mawu a bwana mkulu. Tsiku lina anatsala pang'ono kumenyana, wina lumo m'manja, wina sizasi.

Apa pokha, bwana, sindikuseka. Mdzukulu wanga uja ali ndi mlongo wake wamng'ono amene anagonekedwa m'chipatala. Kuyambira tsiku lomwe anamutenga, mdzukulu wangayu amangovala nsapato mosemphanitsa. Mapazi ali matuza okhaokha, koma akuti savula mpaka akamutenge mlongo wakeyo. Anandifunsa ngati mtsikana wa mufilimu anabwera naye mlongo wake kunyumba. Ndinamuyankha kuti anabwera naye. Anandiyang'ana m'maso n'kufunsa ngati ndinaona ndekha. Ndinangoweramira nsapato yomwe ndinkasoka.

Choncho pempho langa ndi laling'ono ngati msomali wa chidendene. Tchuthi chikubwerachi, lolani mtsikanayo atsegule chitseko, kamodzi kokha, mdzukulu wanga aone ndi maso ake. Mawu anu sawola, tidzawamva mnyamatayo akatuluka m'khola.

Koma ngati mawuwo sangadikire, ndikupemphani modzichepetsa kuti m'mawa wa tsikulo muvale nsapato zanu zonyezimirazo mosemphanitsa. Zikawonongeka ndidzasoka ulere. Mukakafika kudziko la mbalame mukalankhule mpaka kukhosi kuume. Ndipo pobwerera, mukadzangogwira chitseko, ife kuno tidzazimitsa kanema mwaulemu wonse, monga munatiphunzitsira.

Ine wa pansi pa mapazi anu,

Wosoka nsapato wa pakhonde