Mmene Ndinatsekera Damu la Paphiri

Inu amene mukuti ndimanama, kwerani phiri la Zomba mawa lomwe, mukafike pa damu lakale lija la dothi pomwe mabanja amakayala zitenje Loweruka, mukafunse amene anapulumutsa khoma limenelo. Akakutchulirani ine, Namakhwa wa ku Zakazaka.

Tinali titangovotera zipani zambiri, ine ndili pa ntchito yotchetcha udzu pakhomapo. Mvula inagwa milungu itatu osapuma, mpaka achule anayamba kubisala m'mitengo. Tsiku lomwe dzuwa linatuluka, ana a ku yunivesite anadzaza m'mphepete mwa dziwe, ena akuwotcha nyama, ena akuwedza, ndipo ine ndinangomva phuu, khoma labooka dzenje lalikulu ngati beseni, madzi akulunjika kutawuni komwe kuli msika, masukulu ndi mayi anga odwala miyendo.

Ndinakhala padzenjepo ndi matako. Mukumva? Dziwe lonse linandikankha, ine ndinalikankhanso, madzi anabwerera, mtsinje unayenda chakumtunda mpaka unakasowa kolowera, nsomba zinadzaza mu ovolosi yanga zikufunafuna njira, ndipo kuzizira kwake, mano anga ankagunda mwamphamvu moti a ku Mbedza ankati kwatsegulidwa chigayo chatsopano.

Masiku atatu ndili pomwepo! Koma sindinali ndekha, ndipo ichi sindidzaiwala. Ana asukulu aja anavula nsapato zawo zodula n'kumatuta dothi m'mapuleti. Anyani ankapatsirana miyala. Amayi ogulitsa sitiroberi anakhuthula madengu awo kuti asenzere dongo, ndipo mmodzi mwa iwo, Abiti Saidi, ankandidyetsa mbatata yootcha pakamwa, akuuzira kuti ndisapse. Atamata khoma mondizungulira, anandikoka anthu makumi anayi, ndipo ndinazuka ndi phokoso limene linaimitsa maminibasi ku Songani, madalaivala akuyang'ana matayala.

Damu limenelo ndimalivulira chipewa mpaka lero. Linasunga tawuni yathu, likusangalatsabe ana anu, ndipo ine linandipatsa mkazi, pakuti Abiti Saidi ndi awa akhala apawa, akupukusa mutu.

Iwo amati anaona zonse, akuti sindinalumphire padzenjepo ayi, ndinaterereka ndikuthawa, n'kukanirira.

Chabwino, ndinaterereka. Koma ndikufunseni: mu Zomba monse muno, ndani wina anaterereka molunjika chonchi?